Khodi Yomwe Mnzako Angawerenge: Nkhani kwa Ophunzira Makompyuta ku Tsangano

Akuluakulu a sukulu, aphunzitsi anzanga, makolo amene mwasiya minda yanu n'kubwera, ndi inu anyamata ndi atsikana a kuno ku Tsangano, a ku Ntengo-wa-Mbalame, komanso alendo athu ochokera ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo: Nkhani yanga lero ndi ya kalembedwe ka zinenero zimene timauzira nazo kompyuta mmene tsamba la pa intaneti liyenera kuonekera, ndi zimene timasandutsira nazo chidziwitso chosungidwa kuti chikhale tsamba loti munthu n'kuwerenga. Makolo musadandaule, sindikusiyani m'mbuyo.

Tiyerekeze kuti bungwe la alimi a kachewere kuno kwathu lafuna tsamba loonetsa mitengo ya pa msika, kuti wogula wa ku Tete kapena ku Blantyre aone asanatumize lole. Ntchito imeneyi ili ndi mbali zitatu. HTML imanena kuti uwu ndi mutu, uwu ndi mndandanda, ichi ndi chithunzi. CSS imanena kuti mutuwo ukhale wobiriwira, zilembo zikule chonchi. Ndiye ngati mitengoyo yasungidwa mu fayilo ina, pafunika chinenero chachitatu choitenga kumeneko n'kuiyala pa tsamba, ndipo chimodzi mwa zinenero zotere ndi XSLT. Kompyuta ilibe tsankho pa kalembedwe, bola malamulo atsatidwe. Amene amavutika kapena kupepukidwa ndi munthu wowerenga khodiyo. Funso langa lero ndi limodzi: munthu ameneyo ndani, ndipo akuwerenga ali pati?

Mkangano wa kalembedwe ka khodi ndi wakale ngati masamba a pa intaneti enieniwo. Mu 1993, Robert Raisch anapereka maganizo ake a mmene maonekedwe a tsamba angalembedwere. Kuti anene kuti zilembo zikhale za mtundu wa Helvetica, zazikulu 18, ankalemba motere:

@BODY fo(fa=he,si=18)

Mzere wake ndi waufupi ndithu, ndipo masiku amenewo intaneti inali yochedwa kwambiri moti kufupikitsa kunali ndi nzeru yake. Koma taonani, popanda wina kukuuzani kuti fo, fa, he ndi si zikuimira chiyani, mungangoyang'ana mpaka dzuwa kulowa. Wolemba wapulumutsa zala zake, katundu wamusenzetsa wowerenga.

Panalinso DSSSL, imene bungwe la ISO linaivomereza mu 1996. Inamangidwa pa chinenero cha Scheme, chimene chilichonse chimatsekeredwa mu parênteses:

(element H1 (make paragraph font-size: 20pt (process-children)))

Inali yamphamvu. Inkatha kuwerengetsa, kusanja, kusuntha zigawo za buku. Koma lamulo likatalika, kumapeto kwake mumapeza parênteses zisanu kapena zisanu ndi imodzi zitaunjikana, ndipo muyenera kuziwerenga ndi chala kuti mudziwe iti ikutseka iti.

CSS inayamba ndi Håkon Wium Lie, wa ku Norway, amene anailemba koyamba mu October 1994 ali ku CERN, komwe Tim Berners-Lee anayambitsira World Wide Web. Bert Bos wa ku Netherlands anagwirizana naye, ndipo bungwe la W3C linaikhazikitsa mu December 1996. Lamulo la CSS limaoneka chonchi:

h1 {
  color: green;
  font-size: 20px;
}

Kunja kwa zizindikiro zokhota zija, zotchedwa chavetas, kuli chinthu chimene mukuchikongoletsa. Mkati, mzere uliwonse uli ndi dzina la khalidwe, dois pontos (:), mlingo wake, ndi ponto e vírgula (;) potseka. Mukaphunzira chimango chimenechi tsiku limodzi, mwaphunzira maonekedwe a pafupifupi lamulo lililonse la CSS limene mudzakumane nalo. Sindikunena kuti CSS inapambana chifukwa cha kalembedwe kokha. Internet Explorer 3 inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1996, ndipo chinenero chimene ma browser achilandira chimakhala ndi mwayi waukulu. Komabe sizinangochitika mwangozi kuti anthu ojambula ndi okonza mabuku, amene sanaphunzire kulemba mapulogalamu, anaitola msanga.

Tsopano tifike pa XSLT, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa anthu ambiri amainyoza asanaimvetse. XML, kalembedwe ka mafayilo osungiramo chidziwitso amene XSLT imawerenga, inakhazikitsidwa mu February 1998. Oyipanga analemba zolinga khumi. Chimodzi chinali chakuti munthu azitha kuwerenga fayilo ya XML n'kuimva, china chinali chakuti kufupikitsa si chinthu chofunika kwenikweni. Onani kuti anayenda njira yosiyana kotheratu ndi ya Raisch. XSLT inatuluka mu November 1999, mkonzi wake ali James Clark, yemweyo amene anagwira ntchito yaikulu pa DSSSL. Anasankha kuti XSLT nayo ilembedwe mu XML. Kuti tionetse mbewu zimene mtengo wake sunafike 500, timalemba:

<xsl:for-each select="msika/mbewu">
  <xsl:if test="mtengo &lt; 500">
    <li><xsl:value-of select="@dzina"/></li>
  </xsl:if>
</xsl:for-each>

Yambani mwaona zabwino zake. Chilichonse chotsegulidwa chimatsekedwa ndi dzina lake. Simuwerenga parênteses ndi chala, chifukwa mzere wotseka ukukuuzani wokha kuti apa ndi pothera pa if, apa ndi pothera pa for-each. Ndiponso HTML imene mukufuna kutulutsa, monga li uja, mumailemba pompo mmene idzaonekere. Tsamba likakhala ndi mawu ambiri okhazikika ndi malo ochepa odzaza, XSLT imawerengeka bwino zedi.

Koma yang'anani mzere wachiwiri. Pamene mwana wa sukulu aliyense akanalemba chizindikiro cha kuchepa chimene anaphunzira m'masamu, ife talemba &lt; chifukwa mu XML chizindikiro chija ndi chotsegulira tagi, ndiye sichiloledwa pamenepo. Lamulo la makina lapondereza diso la munthu. Werenganinso kuti m'mizere isanu ija, mawu onena za ntchito yathu ndi angati: msika, mbewu, mtengo, 500, dzina. Zotsalazo ndi chimango. Mukafuna kusankha pakati pa zinthu zitatu, mufunika xsl:choose, xsl:when kawiri, xsl:otherwise, chilichonse ndi chotsekera chake, ndipo ganizo laling'ono ladzaza sikirini yonse ya foni.

Chondichititsa chidwi n'chakuti eni ake anaziona izi. Kachigawo kaja msika/mbewu si XML ayi. Ndi XPath, kachinenero kafupi kamene kanatuluka tsiku limodzi ndi XSLT, kolembedwa ngati njira ya mafoda pa kompyuta. Ndiye kuti pakati penipeni pa chinenero chachitalichi, pamalo pamene munthu amaganiza kwambiri, anaikapo kalembedwe kafupi. James Clark yemweyo, atathandiza kupanga RELAX NG, chinenero chofotokoza mmene fayilo ya XML iyenera kukhalira, anachipatsanso kalembedwe kachiwiri kafupi ka chavetas mu 2002, kuti anthu azilemba ndi kuwerenga mosavuta. Munthu wodziwa XML kuposa ambiri anaona kuti chimene chimakomera makina sichikomera diso nthawi zonse.

Ena mwa inu mwagwirapo ganyu ya kalembera, kuyenda m'midzi ndi tabuleti kufunsa mabanja za zokolola kapena za umoyo. Ngati pa tabuletipo panali ODK kapena KoboToolbox, ndiye kuti munanyamula nkhani yathuyi m'manja. Mafunso amene mumawaona pa sikirini amasungidwa mu XML. Koma okonza mafunsowo ambiri salemba XML. Amatsegula Excel, mzere uliwonse funso limodzi, danga lina mtundu wa yankho, lina dzina, lina mawu a funso, ndipo pulogalamu imasandutsa tebulolo kukhala XML. Njira imeneyi imatchedwa XLSForm. Namwino kapena mlangizi wa zaulimi amatha kutsegula tebulolo n'kuloza kuti funso ili lalakwika, Chichewa chake sichikumveka. Mukanamupatsa XML sakanaliona. Chidziwitso ndi chomwecho, chasintha ndi kalembedwe, ndipo kalembedweko ndi kamene kasankha amene ali ndi mawu pa ntchitoyo ndi amene alibe.

XSLT sinafe. Inakonzedwanso mu 2007 ndi mu 2017 pansi pa Michael Kay, ndipo ikugwirabe ntchito m'makampani osindikiza mabuku ndi m'maofesi osinthana zikalata zambiri. Koma ma browser anaima pa ija ya 1999, ndipo mu 2025 a Chrome analengeza kuti aichotsa. Choncho muiphunzire kuti mudzathe kuiwerenga mukadzaipeza pa ntchito, koma isakhale poyambira panu.

Tibwerere ku CSS. Masamba atakula, anthu anatopa kubwereza zinthu zomwezomwezo, nayamba kupanga zinenero zimene zimasandutsidwa kukhala CSS. Sass inayamba mu 2006 ndi Hampton Catlin, ndipo Natalie Weizenbaum ndiye anaikulitsa. Inachotsa chavetas ndi ponto e vírgula. Chosonyeza kuti mzere uwu uli mkati mwa uwo ndi mpata wosiyidwa kumanzere basi:

.mitengo
  color: green
  li
    font-size: 18px

N'zoyera, n'zokongola, ndipo pa kompyuta ya sikirini yaikulu diso limatsetsereka bwino. Less inabwera mu 2009 ndi Alexis Sellier, iyo inasunga chavetas. Stylus inalola wolemba kusankha yekha, kuika kapena kusaika. Ndiye mu 2010 a Sass anatulutsa kalembedwe kachiwiri kotchedwa SCSS, kobwezeretsa chavetas ndi ponto e vírgula, kotero kuti munthu atha kutenga CSS yake yakale n'kuiika momwemo osasintha kanthu. Lero anthu ambiri ogwiritsa ntchito Sass amalemba SCSS, ndipo Bootstrap, imene masamba osawerengeka amamangirapo, inasamukira komweko. Kenaka CSS yeniyeni inatengera zina mwa nzeruzi, moti kuyambira 2023 ma browser akuluakulu amalola kuika lamulo mkati mwa linzake popanda Sass.

Apa ndi pamene ndikufuna tiganize ngati anthu a kuno. Khodi yathu imayenda bwanji? Mphunzitsi amailemba pa bolodi ndi choko. Wophunzira amaikopera mu kope. Wina amene sanabwere amaijambula ndi foni kuchokera mu kope la mnzake. Madzulo amaitayipa pa foni, n'kuitumiza pa WhatsApp kwa wachitatu, amene mawa lake adzaiika pa kompyuta ya pa sukulu magetsi akakhalapo. Pa ulendo wonsewu, chinthu choyamba kutayika ndi mipata ya kumanzere. Dzanja pa bolodi limapendekera. Mu kope, mipata iwiri ndi inayi sizisiyana. Sikirini yopapatiza imathyola mzere wautali n'kuugwetsera pansi, ndipo diso silidziwanso ngati ndi mzere watsopano kapena wopitiriza.

Nonse mumadziwa kusiyana kwa kachewere woikidwa m'milu pa msika ndi wosokeredwa m'matumba. Milu imaoneka bwino, wogula amaona chilichonse, ndipo palibe wotaya nthawi ndi singano. Koma kwezani miluyo pa lole yopita ku Tete, mukafika simudziwanso wa uyu wathera pati, wa uyo wayambira pati. Thumba ndi ntchito kusoka, koma limafika ndi malire ake. Khodi ya chavetas ikafika itaphwanyika, yonse pa mzere umodzi, imagwirabe ntchito, ndipo pulogalamu ngati Prettier imaiyalanso bwinobwino m'kanthawi kochepa, chifukwa malire alembedwa m'zizindikiro. Ya mipata yokha ikaphwanyika, tanthauzo lapita nalo, ndipo palibe pulogalamu imene ingalote zimene wolemba ankafuna.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: pa kiyibodi ya foni, chavetas zabisika kutali, muyenera kudina kangapo kuti muzipeze. N'zoona, ndipo n'zotopetsa. Koma kutopa kumeneko ndi kwa wolemba mmodzi, tsiku limodzi. Kusokonezeka kwa mipata kumagwera aliyense wolandira khodiyo.

Chinthu china choganizira ndi Chingerezi. Okonda zinenero za mawu ataliatali amati zimadzifotokoza zokha, kuti munthu akaona xsl:apply-templates kapena text-decoration amadziwiratu tanthauzo. Amadziwiratu ndani? Mwana wa kuno amayankhula Chichewa kunyumba, amaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo Chingerezi ndi chachitatu. Kwa iye mawu amenewa ndi zilembo zoloweza, ndipo akatalika, malo olakwitsa achuluka. Chimene amawerenga msanga ndi chimango: chatsegulidwa apa, chatsekedwa apa, dzina kumanzere, mlingo kumanja. Ngakhale kwa eni Chingerezi nkhaniyi si yapafupi. Mu 2013, Andreas Stefik ndi Susanna Siebert anafalitsa kafukufuku amene anapatsa anthu ongoyamba kumene zinenero zosiyanasiyana, kuphatikizapo china chimene zizindikiro zake zina anangozitola mwachisawawa. Amene anapatsidwa Java ndi Perl sanachite bwino moonekera kuposa amene anapatsidwa chachisawawacho, pamene a Python ndi Ruby anachitako bwino. Python ndi ya mipata, ndiye musandimve ngati ndikuti mipata ndi yoipa paliponse. Pa kompyuta imodzi, munthu mmodzi, imathandiza. Phunziro la kafukufukuyu n'lakuti katswiri akanena kuti ichi n'chosavuta kuwerenga, kawirikawiri akutanthauza kuti anachizolowera. Kuti mudziwe zoona, mpatseni wongoyamba kumene, muone pamene akupunthwa.

Ndipo ana athu amapunthwa pamalo odziwika. M'kalasi la masamu kuno timalemba 1,5 ndi vírgula. CSS imafuna 1.5 ndi kadontho. Amene anaphunzirako ku Ntcheu kapena ku Dedza, ndipo ndi ambiri m'mabanja athu chifukwa cha zaka za nkhondo ija inatha mu 1992, anazolowera kulemba colour, koma CSS imadziwa color yokha. Apa pakubwera khalidwe lina la chinenero limene ndimaliona kuti ndi mbali ya kuwerengeka: chimatani munthu akalakwitsa? CSS ikapeza mzere umene sikuumva, imangoudumpha mwakachetechete n'kupitirira. Anachita dala, kuti browser yakale isagwe ikakumana ndi lamulo latsopano. Tsamba limatsegukabe, koma mutu sunasinthe mtundu, ndipo wophunzira sadziwa chifukwa. XML ndi yaukali: tagi imodzi ikapanda kutsekedwa, imaima pomwepo n'kukuuzani mzere wake. Kwa mlendo wodzaona tsamba, kufatsa kwa CSS n'kwabwino. Kwa wophunzira, ukali wa XML ndi mphunzitsi wabwinopo. N'chifukwa chake ndikupempha aphunzitsi kuti sabata yoyamba yomwe muzionetsa ana zida zoyendera khodi zimene zili mu Chrome ndi Firefox. Mzere umene CSS yaukana umaoneka pamenepo utakhwatchidwa.

Wina afunsa za mamega. Kodi khodi ya mipata yambiri, ndemanga ndi mayina ataliatali siidya ndalama za wotsegula tsamba pa Movitel kapena Vodacom? Funsoli n'loyenera, chifukwa kuno mega iliyonse ndi ndalama. Koma yankho lake lilipo kale. Pali mapulogalamu amene amachotsa mipata ndi ndemanga zonse tsamba lisanatumizidwe, ndipo seva imapanikizanso fayiloyo. Inu mumasunga yowerengeka, makina amatumiza yofinyidwa. Ndiponso chithunzi chimodzi chosachepetsedwa chimalemera kuposa CSS yonse ya tsamba laling'ono. Wofuna kuchitira chifundo mlimi wa ku Chidzolomondo achepetse zithunzi, asafupikitse mayina.

Mayinawo ndiye gawo limene lili m'manja mwanu kotheratu. Mawu monga color ndi margin simungawasinthe. Koma dzina la chigawo chilichonse cha tsamba mumapereka ndinu. Mutha kulemba .a1 ndi .b2, kapena .mtengo-wa-lero ndi .dzina-la-msika. Kompyuta imalandira zonse mofanana. Sankhani chinenero chimodzi, Chichewa kapena Chipwitikizi, malinga ndi amene adzagwire ntchitoyo pambuyo panu, ndipo musasakanize. Pewani zilembo za tizizindikiro pamwamba m'mayina amenewa, chifukwa si kiyibodi iliyonse imazipeza msanga. Tchulani chinthu ndi ntchito yake, osati maonekedwe ake: mukachitcha .chofiira, tsiku limene bungwe lidzafune chikhale chobiriwira, dzinalo lidzayamba kunama. Poika malamulo mkati mwa anzake, musapitirire masitepe atatu, chifukwa kupyola apo wowerenga pa foni saonanso pamene munayambira. Ndemanga muzilemba m'chinenero chathu, ndipo zizinena chifukwa chimene mwachitira chinthu, poti chimene mwachitacho khodi ikunena kale. Potumiza khodi pa WhatsApp, itumizeni ngati fayilo, chifukwa uthenga wamba umatenga nyenyezi ngati lamulo lonenepetsa zilembo, ndipo ndemanga za CSS zimatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi nyenyezi.

Ndikulimbikira zonsezi chifukwa ndikudziwa mmene moyo wa kuno umayendera. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa makompyuta sakhalitsa pamudzi. Chaka chino wakonzera tsamba sukulu, tchalitchi kapena bungwe la alimi, chaka chamawa wapita kukaphunzira ku Ulónguè, wapeza ntchito ku Moatize, kapena wakwera basi ya ku Johannesburg. Tsambalo limatsala. Wolilandira ndi mng'ono wake, kapena mphunzitsi amene anaphunzira CSS miyezi itatu, ali ndi foni yokha. Ngati sangathe kupeza pamene asinthe mtengo wa thumba la kachewere, tsambalo lidzaonetsa mitengo ya chaka chatha mpaka anthu adzasiye kulikhulupirira, ndipo bungwe lidzalipira munthu wina kuti ayambirenso. Ndalama imeneyo ndi ya alimi.

Chigamulo changa ndi ichi. Kwa ife kuno, yambani ndi CSS yeniyeni ya chavetas, khalidwe limodzi pa mzere umodzi. Ntchito ikakula mpaka kufuna Sass, tengani SCSS, musiye ija ya mipata yokha. XSLT muidziwe kuiwerenga, ndipo XPath muiphunzire bwino chifukwa mudzakumana nayo m'mafomu a kalembera. Pamene anthu osadziwa khodi ayenera kuona ndi kukonza zimene zalembedwa, apatseni tebulo, makina asandutse okha.

Aphunzitsi anzanga, ndikupempheni chinthu chimodzi chimene sichifuna ndalama. Pochonga ntchito ya wophunzira, musangoyang'ana ngati tsamba likuoneka bwino. Tengani khodi yake, mupatse mnzake wa m'kalasi lina amene sanaionepo, pa foni, mumuuze kuti asinthe mtundu wa mutu ndi kuwonjezera mbewu imodzi pa mndandanda, mwini wake ali chete. Akatha mu mphindi khumi, mwini khodiyo wakhoza. Akalephera, ntchitoyo ibwerere kwa mwini wake akaikonze. Yambani temu ino.